Dzina la Mzungu wa m'Mabulugamu

Dzina langa la bambo ndi lachizungu, ndipo sindililemba pano. Kwathu ku Thyolo silodabwitsa ayi. Pasukulu yathu ya pulayimale tinalipo ambirimbiri, moti aphunzitsi ankachita kutisiyanitsa ndi mayina a amayi athu. Ndinakula ndikuyesa kuti ku Mangalande nako eni dzinali ali mbwee. Ndinadzadziwa zoona zake ku Hamilton, m'dziko la Canada, imvi zitayamba kale, ndikusambitsa nkhalamba.

Ndinkagwira ntchito panyumba ina yosungirako okalamba kumtunda kwa mzinda, kumene basi imakwera chitunda ikubuula. Pachifuwa tinkavala kabaji ka dzina loyamba lokha. M'mawa wina anandipatsa chipinda chatsopano. Nditafika pakhomo, beseni lili m'manja, ndinaona dzina lathu pachitseko, zilembo zonse osasiyako n'chimodzi chomwe. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Canada ndinali ndisanalionepo paliponse, kupatula pa makalata anga.

M'katimo munali mkulu wina wamtali, wowonda, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Anabwera kuchokera ku Mangalande ali mwana, nagwira ntchito kufakitale ya zitsulo mpaka khutu limodzi linagontha. Akazi awo anamwalira kale, mwana analibe. Sanali munthu wophweka, abale. Madzi akangozizira pang'ono, phokoso. Ine nanenso sindine wa "inde bwana", choncho tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse. Koma chimene chinkandisowetsa mtendere ndi makutu awo. Anali otambalala, opindika kunsonga, makutu enieni a bambo anga, amene ana anzathu ankatiseka nawo kusukulu. Ndinkawapukuta ndikuyang'ana kumbali.

M'kabati mwawo ankasunga chipepala chachitali chokulunga ngati mkeka. Tsiku lina nditamaliza kuwaveka anandiuza kuti ndichitambasule pabedi. Chinali mtengo wa mtundu wawo, mayina okhaokha olumikizidwa ndi mizere, ntchito ya moyo wawo wonse.

"Dzina ili silinali la munthu poyamba," anatero. "Linali la kamudzi ka nyumba zochepa m'mbali mwa kamtsinje, kumpoto kwa Mangalande. Munthu akachoka kumeneko kukafuna ntchito, ankangomutchula ndi dzina la kwawo, mpaka linamukanirira. Kamudziko kulibenso, anakamiza pomanga damu. Sitinachulukepo ife. Ena nkhondo inawadya, ena anabereka akazi okhaokha, nakatenga mayina a amuna awo. Mzinda uliwonse umene ndinapitako ndinkayamba ndatsegula buku la manambala a lamya. Ee! Osapeza ndi mmodzi yemwe. Ndatsala ndekha."

Chala chawo chinatsetsereka n'kuima pa nthambi ina yaifupi. "Awa ndi akulu awo a bambo anga. Anapita ku Nyasaland kukalima tiyi, anafera komweko ndi malungo. Sanakwatire. Ngakhale manda awo sitiwadziwa." Mzere unathera pomwepo, pansi pake pali mbee.

Ine mandawo ndinkawadziwa. Ndinali nditawalambula ndi manja angawa.

Chaka chilichonse mvula ikatha, bambo ankatidzutsa ana tonse, aliyense khasu paphewa, ulendo wa kumalire a esiteti. Kumeneko, m'kati mwa mitengo ya bulugamu, munali manda amodzi okha a simenti, kutali ndi manda a mudzi wathu. Tinkalambula udzu, kusesa masamba, bambo n'kutsuka mwala wake ndi kansanza. Panalibe nyimbo, panalibe pemphero, koma kulira kwa mitengo ija ikamakhudzana. Ndinkaopa malowo, makamaka chifukwa pamwalapo panali dzina langa. Nditafunsa, bambo anangoti, "Lambula, usafunse."

Anadzandiuza ndi azakhali nditatha msinkhu. Mayi wa agogo anga aamuna anali mtsikana wothyola tiyi. Mzungu wa m'manda aja anamuchotsa m'munda n'kumuika m'nyumba mwake, mwana n'kubadwa. Mzungu atamwalira, azungu anzake anamuthamangitsa mtsikanayo maliro asanaikidwe, ndipo mwambo wonse anauonera patali, atabisala m'tiyi, khanda lili kumsana. Koma mvula itatha anatenga khasu n'kukalambula mandawo, nadzalamula mwana wake kuti asadzasiye, pakuti manda a bambo ako sachita tchire iwe uli moyo. Kumishoni mwanayo anamulemba dzina la mzunguyo, popeza aliyense ankadziwa mwini wake. Mwana mmodzi ameneyo ndiye anabereka ana khumi, ndipo lero tadzaza midzi.

Nkhaniyi inkandipsetsa mtima kuyambira ndili mtsikana. Ife matuza m'manja, kulambulira munthu amene sanalembe ngakhale kalata imodzi kwawo yonena kuti ali ndi mwana! Tsono pamene nkhalamba ija inati "sanakwatire", mkwiyo wonse uja unadzuka. Ndinakulunga chipepalacho msangamsanga n'kunena kuti nthawi ya kadzutsa yakwana.

Ndinaulula kwa munthu mmodzi yekha, mnzanga wa ku Chipata amene tinkagwira naye ntchito. Tili pamalo odikirira basi, anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. "Iwe, ndiye kuti ni agogo ako aja! Uzabauza liti?"

"Ndiwauze kuti atani? Andiyang'ane kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti si dzina limenelo? Ine kukanidwa kawiri ayi. Anatikana kale kamodzi m'munda wa tiyi."

"Amene anakukanani anafa kudala. Aba bakulakwira chani?"

Basi inabwera, ndinakhala mpando wanga wandekha.

Chipepala chija chinakhala cha tsiku ndi tsiku. Ndikangomaliza kuwameta ndevu, "Tambasula." Nkhani yomweyomweyo: kamudzi, damu, nkhondo, mabuku a lamya, n'kudzathera pa nthambi yaifupi ija. Anzanga ankati iwo sanawaonetsepo ngakhale kamodzi, koma ine ndinkangoti ndi ukalamba, munthu wapeza womutopetsa. Tsiku lina, chala chili pa nthambiyo, anandifunsa kuti kwathu n'kuti.

"Ku Malawi," ndinatero.

"Kodi dziko limenelo kale ankalitchula chiyani?"

"Sindikudziwa," ndinayankha. Ine, mwana wa mphunzitsi, amene ndinakhoza mbiri ya dziko lathu kuposa kalasi yonse! Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kuwindo n'kunena kuti ndingathe kukulunga. Bodza limenelo ndimalimvabe m'kamwa mpaka lero.

Chisanu chitafika anayamba kufooka. Anasiya kukangana nane, ndipo zinandiopsa kuposa phokoso lawo. M'mawa wina ndikuwadzoza mafuta kumsana anati, "Ndikapita ine, dzinali latha. Pepalali adzalitaya pamodzi ndi masilipasi angawa." Ananena mopanda kudandaula, ngati akunena za nyengo. M'maganizo ndinaona bambo anga atawerama akutsuka mwala uja, ndipo ndinachita manyazi aakulu. Mtsikana amene anathamangitsidwa uja anali ndi chifukwa chokwiyira kuposa ine, koma anatenga khasu.

Komabe sindinalankhule tsiku limenelo. Ndinati ndikhale kaye ndi umboni m'manja, kuti asadzati ndikupeka. Ndinaimbira mchimwene wanga kumudzi kuti akajambule mandawo. Anayamba kuzengereza, kenaka anaulula kuti chimwalirireni bambo palibe amene anapondako, tchire lafika m'chiuno. Ndinamukalipira mpaka foni inatentha. "Anthu inu mulibe manyazi? Dzina mukulidyera, manda mukuwataya!" Iye anangoti, "Achemwali, nanga inuyo munalambula liti?" Anatenga milungu iwiri kuti apeze anthu, alambule, atsuke mwala. Ine kuno ndikungodikira, tsiku lililonse kutambasula chipepala n'kumangoti mawa. Paja amati ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Chithunzi chinafika Loweruka, ine ndili pa tchuthi cha masiku awiri. Chinali chooneka bwino: mwala woyera, dzina lonse, ndipo kumbuyo kwake abale anga ataima ndi makasu, ana ndi akulu, makutu aja ali tambalale. Ndinaseka ndekha m'nyumba mpaka misozi. Ndinati Lolemba m'mawa ndikawaonetsa, akaone kutha kwa dzina lawo.

Lolemba ndinapeza chitseko chawo chili chotseka, namwino wamkulu ataima panja. Anandiuza kuti Lamulungu masana anagwidwa ndi sitiroko. Mbali imodzi inali itafa, kulankhula sikunkathekanso ayi, ndipo iwo anali atalemberatu kale kuti zikadzatero asadzawatengere kuchipatala.

Ndinalowa, n'kutseka chitseko. Ndinagwada pambali pa bedi monga timagwadira kwa akulu kwathu, kumbali ya khutu lawo lakumva. Ndinati, "Agogo, ndinakunamizani. Dziko lathu ndi Nyasaland yemwe uja." Ndinatchula dzina langa lonse. Ndinawauza za mtsikana wa m'tiyi, za khanda, za makasu, za sukulu imene aphunzitsi amasokonezeka nalo dzina lawo. Ndinaika foni pafupi ndi nkhope yawo. Diso limodzi linali lotseguka, koma sindikudziwa ngati linkaona. M'kona mwake munali madzi, koma diso limenelo linkachita kale misozi masiku onse. Ndinagwira dzanja lawo kudikira kuti mwina andifinya, osandifinya. Anamwalira Lachinayi masana.

Maliro a kuno, Mulungu atichitire chifundo. Kukanakhala anthu atatu: m'busa, namwino wamkulu ndi munthu wina amene anakhala nawo moyandikana kale. Ine ndinati zimenezo ayi, munthu wa mtundu wanga saikidwa ngati nkhuku. Ndinaimbira azimayi a kutchalitchi kwathu, kutauni ina yotchedwa North York. Ena anafunsa kuti mzunguyo ndi ndani wanga, ndipo ndinayankha kuti ndi agogo anga, koyamba kunena mawuwo pagulu. Anabwera ndi sitima, zitenje pamwamba pa majekete, naimba nyimbo zathu zamaliro chipale chofewa chikugwa. M'busa anangoti kakasi, buku lili m'manja.

Tsiku lotsatira anandituma kukalongedza katundu wa m'chipinda chija. Chipepala chinali kale m'thumba la zotaya, pamodzi ndi masilipasi, monga ananenera. Ndinapempha namwino wamkulu, nandilola kuchitenga. Ndinakachitambasula kunyumba patebulo, n'kupsinja makona ndi makapu, kuti ndilembepo ndekha zimene ndinalephera kunena.

Ndinapeza wina atayamba kale. Pansi pa dzina la mzungu wa m'mabulugamu, pamene kale panali mbee, panali mzere wa pensulo wonjenjemera wotsikira pansi. Pamzerewo anasiya mipata iwiri yopanda kanthu, umodzi pansi pa unzake. Pansi penipeni panali dzina langa loyamba, lolembedwa ndi dzanja lawo, ndi chizindikiro cha funso pambali pake.

Ndinakhala pansi. Ndipamene ndinakumbukira pepala limene linkapachikidwa kumiyendo kwa bedi lawo, limene tinkasainapo mayina athu onse tikamaliza kuwasamalira. Munthu amene anatha moyo wake wonse akusakasaka dzina limenelo m'mabuku a lamya akanalephera bwanji kuliona pabedi pake pomwe? Ankadziwa. Nthawi yonse ija ankanditambasulitsa chipepala, chala chili pa nthambi ija, ankadikira kuti ine ndiyambe. Mwina nawonso ankaopa kuti ndiwakana. Ndipo nditati "sindikudziwa", ndinawakanadi.

Chipale chikasungunuka chaka chilichonse ndimakwera basi kupita kumanda awo, nditatenga kakhasu ka m'dimba m'chikwama. Koma kuno udzu amatchetcha ndi makina, palibe choti munthu ulambule. Ndimangotsuka mwala ndi kansanza, n'kuima pang'ono, n'kubwerera.

Mipata iwiri ija ndinalembamo mayina a agogo ndi a bambo, ndi inki. Chizindikiro cha funso chija chilipobe. Kangapo konse ndatengapo chofufutira, koma dzanja limakana. Amene anafunsa ndi iwo, ndipo sindikudziwa ngati yankho langa analimva.