Tsiku limene ndinadutsa pamasamba osatsika

Anthu amati ndine wanthabwala, koma zoona zake n'zakuti ndine wamantha. Nthabwalazi ndinaziphunzira pofuna kubisa kunjenjemera.

Nditalephera mayeso a Fomu 4, amalume anandibwereka njinga yawo kuti ndizipalasa kabaza pa Msundwe. Anandipatsa malamulo awiri: osanyamula woledzera, ndipo ukaona masamba aikidwa pamsewu, utsike. Lachiwirili sanafunikenso kundiuza. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti masamba pamsewu ndi maliro. Wanjinga amatsika, kuvula chipewa, n'kumakankha mpaka atadutsa masamba ena akutsogolo. Ukachita mwano, adzukulu, anyamata okumba manda aja, amakulanda njinga, makofi n'kubwera ngati basela.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yokolola, mayi wina woyembekezera anandiimitsa m'njira ya kumudzi atagwira m'chiuno. Amuna awo anali kuganyu ku Njewa.

"Achimwene, ndithamangitsireni kuchipatala cha mishoni. Nthawi yakwana."

Ndinawakweza. Anandigwira malaya mpaka mabatani awiri anathothoka, ine osadandaula.

Titafika potsetsereka, masamba aja! Anthu anali mbwee pansi pa mitengo, nyimbo ya amayi ikumveka. Ndinagwira mabuleki.

"Musaime! Ndapota nanu, musaime!" anatero mayiwo.

Kuti nditsike ine, nawonso anayenera kutsika n'kuyenda, ndipo kuyendako ndi kumene sakanatha. Ndinasiya mabuleki. Tinadutsa pakati pa maliro a eni ake, chipewa chili kumutu.

"Iwe! Gwirani ameneyo!"

Nditacheuka ndinaona adzukulu anayi akubwera, dothi la kumanda lili m'miyendo, wina khasu lili m'manja. Ndinapalasa mmene sindinapalasirepo. Koma kutsogolo kunali chitunda, ndipo njinga ya amalume ikaona chitunda inkayamba yaganiza kaye. Tcheni chinavuka. Wakhasu uja anandigwira pakolala.

"Kodi kwanu kulibe maliro eti?"

Makofi ndinkawaopa, inde. Koma chimene ndinkaopa kwambiri n'chakuti mayiwa andifera pakaliyala, maliro n'kukhala awiri, achiwiriwo obwera nawo ine.

Amene anayankha ndi mayiwo, ndi mfuu imene sindidzaiwala. Adzukulu, anthu osaopa mtembo, anabwerera m'mbuyo. Amayi a pamaliro anathamanga, kunyamula mnzawo kupita naye kuseri kwa nkhokwe, n'kutchinga ndi zitenje. Amuna tonse anatiuza kuti tiyang'ane kumunda. Ndinaima pakati pa ondigwira aja, tonse maso ali pamapesi ngati tikufuna kuwagula.

Nyimbo inaleka. Tinadikira. Kenaka kuseri kuja mayi wina anati, "Sakulira mwanayu."

Ndinayamba kupemphera, mawu akusokonekera, pemphero la chakudya kulowerera m'pemphero la odwala. Pambali panga ndinamva wakhasu uja nayenso akunong'ona lake. Dzanja lake linali lidakali pakolala yanga, koma tsopano ankangogwirira kuti asagwe.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Tinangomva kamawu kakang'ono, ng'aa! Wina anaimba nthungululu, n'kudzigwira pakamwa atakumbukira kuti ali pamaliro.

Njinga anandibwezera, tcheni atandikonzera okha. Mlandu wokha sunafe. Nkhuku ya chindapusa ndinakapereka ndithu, poti mwambo ndi mwambo, ndipo amalume anandikalipira sabata yathunthu chifukwa nkhukuyo inali yawo.

Mpaka lero ndikaona masamba pamsewu ndimatsika, ngakhale akhale oika dalaivala wa lole yowonongeka. Anzanga amandiseka. Ndimangokankha njinga chipewa chili m'manja, khutu lili tcheru, kudikira kuti mwana uja alire.