Tsiku Limene Mwana Wanga Analodza Mayi Wogulitsa Usipa

Mwana wanga wamwamuna atamaliza koleji ku Lilongwe anabwera ndi kathumba ka madayisi. Sanali ngati a ludo amene tonse timawadziwa. Ina inali ya mbali zinayi, ina ya mbali makumi awiri, yobulungira ngati masawu. Loweruka masana iye ndi anzake ankakhala pakhonde pathu kuno ku Khombedza. Iye ankakamba nthano ya dziko la zilombo, anzakewo aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo: wina msilikali, wina wakuba, wina wamatsenga. Ine sindinkazisamala. Bola sanali kumowa.

Vuto linali pakamwa pake. Masewerawo anawaphunzira m'Chingerezi, ndiye pofuna kuti anzake azimva, anawamasulira yekha. Pa mawu onse a Chichewa, ndi sukulu yake yonse ija, zimene amachita wamatsenga uja anazitcha kulodza. Ine ndikupeta mpunga kuseri ndinkangomva wina akuti ndikukulodza ndi moto, kenako gobedegobede madayisi pansi. Ndinamuuza kuti mawu amenewo sanenedwa pakhonde pa munthu. Anangoseka, akuti amayi ndinu achikale.

Kenako mmodzi mwa anzakewo, wa kabaza wa nyumba yoyandikana nafe, anadwala. Thupi linali moto, akubwebweta. Pobwebwetapo ankangoti andilodza ndi tulo, ndipatseni dayisi ndiponye. Amayi ake anamva zonsezo. Mayiwo ndi Msilamu, amagulitsa usipa, ndipo takhala nawo bwino zaka zambiri, pamaliro tili limodzi, pa Idi amatitumizira mpunga. Koma mwana akagona pamphasa, mtima wa mayi susankha woganizira. M'mawa nditafika pamjigo ndinapeza nkhani itandiyambira kale: mwana wa uje waphunzira ufiti kutauni, amaombeza maula masana dzuwa likuswa mtengo. Amayi amene ndimaseka nawo tsiku ndi tsiku anangotunga madzi maso ali pansi.

Kuno mawu amenewo si ocheza. Ndinaonapo nyumba ikugendedwa mpaka malata kubooka chifukwa cha mphekesera yochepa kuposa imeneyi. Ndinabwerera ndi chidebe chosadzaza. Mwanayo ndinamukalipira mpaka mawu kusasa. Ndinamufunsa ngati Chingerezi chakecho chidzamutchinga miyala. Ulendo uno sanaseke.

Masana amayi a wodwala uja anabwera, anthu angapo n'kuima kunja kwa mpanda ngati akungodutsa. Sanapereke moni. Anati akufuna kuona maula amene agwetsa mwana wawo.

Mwana wanga anayala mkeka, n'kukhuthula kathumba kaja. Anafotokoza kuti m'masewerawo wamatsenga akalodza, sizingochitika ayi. Wokamba nthano amatchula nambala, tinene fifitini. Wolodzedwayo amaponya dayisi ya mbali makumi awiri ija, n'kuwonjezerapo nambala ya mphamvu za munthu wake. Ikafika pa fifitini, matsengawo amulambalala. Ikapanda kufika, munthu wake wagona. Koma wogonayo ndi wa m'nthano. Woponyayo amakhala ali maso, akutafuna chinangwa changa.

Mayiwo anafunsa kuti nanga wawoyo anaponya zingati. Mwana wanga anayankha kuti naintini, moti sizinamugwire n'komwe. Mayiwo anatola dayisiyo, kuitembenuza mbali zonse, kuinunkhiza, osapeza kanthu koma manambala. Kenako anamuyang'ana mwana wanga m'maso.

"Ndilodze ineyo."

Mwanayo anandicheukira. Ndinangogwedeza mutu, nanga ndikanatani? Akakana, anthu akanati akubisa kanthu. Ndi mawu otsika ananena kuti tulo tikubwera, ndipo kuti mayiwo apulumuke afunika fifitini. Mayiwo anati Bismillah, n'kuponya. Dayisi inagubuduka pamkeka n'kuima pa thuu.

Ambuye! Pa manambala onse makumi awiri, kankhuni kameneko kanasankha thuu. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinayamba kupemphera chamumtima kuti mayi ameneyu asayasamule ngakhale pang'ono, chifukwa anali atachezera wodwala ndipo maso ake anali ofiira kale. Onse a kumpanda anasiya kunamizira kuti akudutsa. Mayiwo anakhala tsonga, manja pamaondo, akudikira kugwa. Tinadikira nawo. Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Ndiye ndagona?" anafunsa.

"Mwagona, amayi," mwana wanga anayankha.

"Ineyo pano ndagona?"

"Eya, mwagona tulo tofa nato."

Mayiwo anayamba ndi kugwedeza mapewa, kenako chiseko chinawaphulika mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Anati Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire, ufiti wanji wodikira nambala, ngakhale mwanapiye sungamugwetse. Atapuma ananena motsitsa mawu kuti kuchipatala anali atawauza kale dzulo lake kuti ndi malungo, mankhwala anayamba kumwa, koma mawu a kubwebweta aja ndi amene anawasowetsa mtendere. Sindinawakwiyire. Akanakhala wanga, inenso ndikanabwera popanda moni.

Potuluka anaima pachipata n'kuwayang'ana anthu aja mmodzimmodzi.

"Kazipitani kwanu. Ine andilodza pamaso panu, ndipo ndikukayanika usipa."

Anabalalika mwamanyazi, aliyense atakumbukira ntchito yake. Ine ndinali nditakonza mawu ena omukalipira mwanayo, ambiri ndithu. Koma ndinangokhala pansi pomwepo pamkeka, n'kukokera mutu wa mwana wanga pachifuwa, chimunthu chandevu, ndipo iye sanakane.