Mbuzi Yathu ya pa Mbatatesi

Ndili pasukulu ku Birmingham m'ma 1990, ndinagula chithunzi chakale chodinda pamsika wa zinthu zakale ku Smethwick. Chinali cha ng'ombe yonenepa ngati thanki, ndipo m'munsi mwake munali dzina limodzi lokha. Wogulitsayo anandiuza kuti dzinalo linali la mwini makina odindira, poti kalelo munthu wosema chithunzi pathabwa lodindira sankalembedwa n'komwe. Ndinapsa mtima. Thukuta la wina, dzina la wina!

Ukali usanathe, ine ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi tinati tiyese nafenso. Tinadula mbatatesi yaikulu, n'kusemapo mbuzi ndi mpeni wakukhitchini. Tinaipaka polishi wa nsapato n'kudinda pamakadi oitanira Amalawi kuphwando la Khirisimasi. Mbuziyo inatuluka ngati galu wa bere. Tinaseka mpaka kugubuduka pakapeti, manja ali bii.

Kuphwandoko anthu anawakonda makadiwo moti ankalimbirana otsala. Kenako atcheya a gulu lathu la Amalawi anaimirira n'kunena kuti, "Zikomo poyamikira makadi amene ofesi yanga yakonza."

Mnzangayo ananditsina. Mayina athu sitinalembepo, ndipo umboni wathu tinali titausenda kale n'kuukazinga tchipisi.