Kudyera Kunenepa pa Chitunda cha ku Bembeke

Chaka chimene boma latsopano linati ana aziphunzira ulere, ndinalembedwa uphunzitsi ndisanapite n'kukoleji komwe. Ndinkakhala kwa achimwene, ndipo m'mawa uliwonse ine ndi alamu anga, akazi awo, tinkakwera wapansi chitunda cha ku Bembeke, iwo kupita kuntchito kuchipatala, ine kusukulu.

Ndinali woonda kwambiri. Masiku amenewo ukaonda anthu sankakufunsa, ankangonong'onezana za matenda aja. Alamu anali ndi thupi labwino, khosi lamizeremizere, mikono yodzaza bulauzi. Amayi apamjigo ankawayamikira kuti banja lawayanja, kenako n'kutembenukira kwa ine n'kundifunsa kawiri ngati ndadzukadi bwino.

Ndiye ndinayamba kudyera kunenepa. Ndinkadzuka kukadali chifunga n'kuphika mbatatesi zotendera, pambali phala la mgaiwa lothira majarini. Ndinkadya mokakamiza, nseru ili pakhosi. Alamu ankangomwa tiyi wopanda mkaka chiimirire pakhomo, akundidikira. Chimenecho ndicho chinkandiwawa. Pachitunda ine mimba inkalemera, m'nthiti mukubaya, iwo akukwera uku akuyimba nyimbo zakwaya. Tsiku lina ndinasanza zonse m'mphepete mwa munda wa nyemba. Anandisisita pamsana, nati bwanji ndizinyamula chakudyacho ndizikadyera kusukulu. Ndinkaona ngati akundiseka, chonsecho sankaseka.

Achimwene atagula njinga anayesa kunyamula akazi awo, koma pakati pa chitunda onse anatsika, achimwene ali wefuwefu. M'mawa mwake anandiitana.

"Mlongo, kwera ndiwe, umapepuka."

Ndinakwera mtima uli mbee, ndikuganiza kuti tsopano chakudya chizikhazikika m'thupi poti chitunda sichizindidyeranso. Nditacheuka ndinaona alamu akubwera okha m'mbuyo, chikwama chili pamutu, ndipo sindinawamvere chisoni.

Njingayo ndinakwera mpaka mvula inatha, mbatatesi ndikudyabe. Masiketi anga anali omwewo, ogwira ndi pini m'chiuno. Alamu anapeza amayi ena oyenda nawo, ndipo tikamawapitirira ndinkawamva akufa ndi phwete pa nkhani zimene ine sindinamve poyambira pake. Madzulo ndikawafunsa ankangoti zinali zocheza chabe. Ndinayamba kuchita nsanje ndi zimenezonso, mpaka ndinauza achimwene kuti keliyala ikundipweteka, ndiyambirenso kuyenda wapansi.