Jekete ya Olemekezeka Ilibe Mkono

Atelala akhala pakhonde la sitolo ya zitsulo zaka makumi atatu, ndipo mimba za anthu a m'tauni muno amazidziwa kuposa adokotala. Munthu akayamba kudya bwino, oyamba kumva ndi iwo, paja buluku silinama. Phungu wa dera lino anayamba kusoketsa kwa iwo akadali mphunzitsi, wowonda ngati ndodo ya ambulera. Lero pomuyeza, tepi imachita kupempha chikhululuko.

Mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi, ndipo amaphunzitsa kuchilumba. Chilumba chake ndi chija ife timati n'chathu, a kutsidya nawo akuti n'chawo. A kutsidyawo si anthu oseweretsa. Dziko lawo n'lalikulu, zombo zankhondo ali nazo ngati zidebe za m'khitchini. Aphungu athu atapitako chaka chatha kukajambulitsa, a kutsidya anatseka nyanja masiku khumi ndi asanu ndi anayi, osadutsa ngakhale bwato la msodzi.

Tsono chaka chino mwana uja anali woyembekezera, mwezi wotsiriza, khanda litakhala mopingasa. Anamwino a pachilumba anamuuza kuti akachirire kuchipatala chachikulu kumtunda kuno, kumene kuli madokotala a opaleshoni. Sitima yonyamula anthu imabwera Lachisanu lokha. Tikiti anagula, chikwama analongedza. Ndiye Lolemba m'mawa wailesi ija imakhala pansi pa makina osokera inalengeza kuti aphungu asanu ndi mmodzi apita kuchilumba Lachitatu, pandege.

Atelala anasiya kupalasa makina, phazi lili m'malere.

Pabenchi la makasitomala panali alamu awo, msilikali wopuma ntchito amene nkhondo yake yonse anaimenyera pageti ya nyumba yosungira mayunifolomu.

“Ndiye amuna amenewo!” anatero alamuwo. “Munthu n'kupempha chilolezo kwa neba kuti alowe kuchipinda kwake? Ukamuopa galu lero, mawa akulanda mpando.”

“Alamu, galuyo akalusa amaluma ndani? Aphunguwo? Mlendo ndi mame. Afika, adya, ajambulitsa, dzuwa likamapendeka ali kwawo.”

“Akapanda kupitako, anthu a kuchilumba aziti tinawataya. Mwamva okha pawailesi, akuti akukazonda abale athu.”

“Eya, ndipo wailesi ya kutsidya yayankha kale kuti wopita kukazonda ndi mzondi. Ife tikuti kuona odwala, iwo akumva ukazitape. Mawu amodzi omwewo.”

“Mantha basi. Inu singano ikakubayani mumagona masiku awiri.”

“Ndi mphwanu uja ali kumeneko, alamu. Mwana wa mlongo wanu.”

Msilikali anayang'ana nsapato zake.

Pawaya wa kukhoma panali suti yatsopano ya phungu uja, yakuda, yongotsala kulumikiza mkono umodzi. Dalaivala wake anali atanena kuti bwana akuifuna Lachiwiri, ya paulendo. Atelala anaiyang'ana nthawi yaitali. M'zaka zonsezi sanamuonepo munthu ameneyu akupita pamaso pa makamera ndi chovala chakale. Nzeru inawabwerera, ya mtundu uja imabwera munthu akasowa pogwira. Anatenga mkono wa jekete uja, n'kuupinda bwinobwino, n'kuukhalira.

Lachiwiri masana phungu anabwera yekha, galimoto ataimika pamsewu osazimitsa.

“Madala, zatheka?”

“Pepani olemekezeka, makina avuta. Mwina Loweruka.”

Phungu anaseka, mimba n'kumagwedezeka. “Musadandaule, m'kabati muli khumi ndi imodzi. Ndivala yabuluu ija munasoka pa Khrisimasi.”

Yabuluu ija Atelala anaisokadi okha, ndi manja awo omwewa.

Pamenepo bodza linawathera. Anaimirira, mkono wa jekete n'kugwa pansi onse akuona, ndipo anafotokoza zonse: za mwana, za khanda lopingasa, za sitima ya Lachisanu.

“Bwana, dikirani sabata imodzi yokha. Chilumba sichithawa.”

Phungu sanakwiye, ndipo apa tisamunamizire. Anatola mkono uja, n'kuusasa fumbi.

“Madala, tikasintha tsiku, a kutsidya anena kuti atiopseza ndipo tagwada. Chaka chamawa adzatiletsa ndi sitima yomweyo, mpaka kalekale. Tikupitira ana ngati wanuyo.”

“Ndiye pobwerera mutengereniko. Sadya malo ambiri, ngakhale ali awiri.”

“Ndege si yanga, ndi ya boma. Koma tiona. Lembani dzina lake apa.”

Analemba kuseri kwa kapepala ka miyeso, pansi pa nambala ya chiuno cha olemekezeka.

Lachitatu ndege inapita, madzulo n'kubwerera. Pa TV ya m'sitolo ya zitsulo Atelala anawerenga anthu otsika mmodzimmodzi: aphungu asanu ndi mmodzi, atolankhani, wonyamula zikwama. Suti yabuluu inakhala bwino pamapewa, zimenezo anaziona, diso la ntchito silimva chisoni. Wamimba wotsika pandegepo analipo mmodzi yekha, ndipo anali atavala tayi.

Lachinayi a kutsidya analengeza kuti zombo zawo ziyamba kuyeserera nkhondo kuzungulira chilumba. Tsiku lomaliza sanatchule.

Lachisanu Atelala sanatsegule makina. Anapita kudoko ndi akazi awo, alamu aja akutsatira m'mbuyo atanyamula bulangete ndi fulasiki ya tiyi. Pazenera logulitsira matikiti panali pepala lomatidwa ndi selotepi, lonena kuti sitima siyenda. Anthu ankaliwerenga, n'kuchoka, ena n'kubwereranso kudzaliwerenga ngati lisintha.

“Mwina madzulo,” anatero msilikali.

“Khalani chete, achimwene,” anatero mayi aja. “Zanu zija munanena kale.”

Cha m'ma leveni foni inalira. Anali mkamwini wawo ali kuchilumba, kumbuyo kwake kukumveka mkokomo wa ndege.

“Bambo, matenda ayamba. Anamwino akuti ayesetsa ndi zomwe ali nazo.”

Atelala asanayankhe, akazi awo anawalanda foni, n'kukhala pansi pasimenti pomwepo, chala china atatseka nacho khutu.

“Akamwini, mundimvere. Musalire pamaso pake. Muikeni foni pakhutu, ndiyankhule naye.”

Atelala anagwada pambali pawo, n'kusendeza mutu kufupi ndi foniyo kuti amveko mawu a mwana wawo.