Mfuti Zomwe Ndinamva Ndekha

Lemba momwe ndikuneneramu, mdzukulu wanga, usakometse. Nkhani yake ndi yonyansa.

Nthawi ya nkhondo, kwathu ku Chidzolomondo kunabwera purofesora, ndiye kuti mphunzitsi wa ana, wochokera ku Furancungo. Mabuku kunalibe, ana ankalemba pa dothi. Iye anatiuza makolofe kuti mwana akaphunzitsa wina zimene waphunzira saiwala msanga, ndiye akaweruka tizikhala pansi anawo atiphunzitse.

Ine kuphunzitsidwa ndi Rozalina, mayi akowa, mwana woti ndinkamupukuta mamina? Ndinati, "Choka apa, zimenezo ndinamaliza kalekale kumishoni." Chonsecho kumishoniko ndinkangopita kukagulitsa nyemba.

Anzake anayamba kuwerenga, iye n'kutsalira, mayeso akuyandikira. Purofesora anabwera pakhomo kudzafunsa, azimayi amene ankasinja n'kusonkhana. Mwanayo anati, "Amayi safuna, akuti amadziwa kale."

"Zoona, mayi? Ndiye mutithandiza!" Munthu wosalakwa uja anasalaza dothi ndi dzanja n'kundipatsa kamtengo. "Lembani dzina lanu anzanuwa aone."

Ndinagwira kamtengo kaja ngati mthiko, thukuta lili kamukamu. Kenako ndinatchera khutu kuphiri n'kukuwa, "Mfuti! Abwera!"

Mudzi wonse unathawira kuthengo. Mphale inatayika, mayi wina wapakati anagwa pamwala, purofesora anataya nsapato. Ine ndinathamanga kuposa onse, kuthawa mfuti zanga zomwe. Ptu!

Tili chibisalire m'maudzu, Rozalina anatenga dzanja langa n'kuyamba kulemba m'chikhatho ndi chala.

"Kunalibe mfuti, amayi," ananong'ona. "Koma kuno palibe akutiona. Dzina lanu limayamba chonchi."

Ine chitsiru, ndinalanda dzanja langa n'kunena kuti, "Ndikudziwa."