Pepala la Chikasu la Mayi Zaitun

Anthu a ku Nabvutika ankati Mayi Zaitun amajambula zopanda mutu, ndipo kunena zoona sankanama. Pa mapepala awo simukanapezapo munthu, nkhuku kapena nyumba. Ankasinja chikasu, n'kupaka madzi ake papepala, n'kusanjapo masamba ndi tizidutswa ta nsalu, kenako n'kuyanika padenga. Pomwe dzuwa lawomba pankayera, pomwe paphimbika pankatsala chikasu. Tsoka lake, dzuwa lojambulalo ndi lomwenso limafufuta, choncho chithunzi chikatuluka ankachibisa mumdima.

Amuna awo, a Buruhani, telala wa pamsika, ankawaseka kuti akungowononga zokometsera ndiwo. Bambowa sankalola kujambulidwa ndi kamera, moti ngakhale pa ukwati wawo anayang'ana kukhoma. Koma matenda atawagoneka, tsiku lina anapempha pepala lopakapaka, nasanjapo okha sizasi yawo, tepi yoyezera ndi ulusi wopiringizika, dzuwa n'kuzijambula. Patatha milungu itatu anamwalira. Achibale anagawana makina osokera ndi sizasi yomwe, ndipo mayiwo anangotsala ndi pepalalo.

Ankalisunga kunsi kwa matiresi. Kuliona kunali kulitha, ndiye ankalitulutsa Lachisanu lokha, kamphindi chabe, makatani ali chitsekere. Zinkawapweteka mtima, koma akanatani?

Mvula ya chaka chino inadontha m'nyumba iwo ali ku Chiparamba kokadwazika mng'ono wawo. Kiyi anasiyira a Mainess, oyandikana nawo, mayi wa mtima wabwino amene manja awo sadziwa kukhala. Kutangocha bwino a Mainess anatulutsa zonse: mabulangete, matiresi, ndi pepala lachinyezi lija, lomwe analiyala padenga n'kulipsinja ndi miyala kuti lisauluke. Linakhala pomwepo masiku anayi.

"Amake Safiyya, mwabwera! Ndakuyanikirani zonse, nako kapepala kanu kauma gwa," anatero a Mainess, akukatsitsa monyadira.

Mayi Zaitun analandira ndi manja awiri. Pepalalo linali loyera ngati ufa, kupatula timadontho tinayi tachikasu m'makona, pomwe panali miyala. Anafunafuna sizasi ija ndi maso mpaka misozi inalengeza, koma panalibe ndi kamzere komwe. Akanakalipira ndani? Mnzawoyo anali chiimire, akumwetulira, kudikira kuyamikiridwa.

"Zikomo, Amake Boyd," anatero ndi mawu otsika.

Analowa m'nyumba, natseka makatani, n'kubweza pepalalo kunsi kwa matiresi, kuopa kuti dzuwa lingadyenso timadontho totsalato.